Kusonkhetsa ndalama, kugulitsa ndi kutsatsa malonda pa yunivesite: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsiwa amabwera kawirikawiri kuchokera kwa atsogoleri a magulu a ophunzira, asungichuma, aphunzitsi olangiza magulu, ndi amalonda akunja ofuna kufikira ophunzira. Yunivesite iliyonse ili ndi malamulo akeake, ndipo malamulo a dziko amakhala pamwamba pa onsewo, choncho mayina a maofesi ndi nthawi yodikira chilolezo zimasiyana. Koma phata lake ndi limodzi: wopemphedwa ndalama azitha kukana momasuka, ndipo wopereka azitha kulondola kumene ndalama yake yapita. Pafupifupi lamulo lililonse pansipa likuteteza chimodzi mwa ziwirizi.

Kodi ndi zochitika ziti zimene zimafuna chilolezo?

Zilipo za mitundu itatu. Woyamba ndi kusonkhetsa ndalama: kupempha zopereka, kuyenda ndi bokosi kapena pepala la msonkhamsonkha, kukonza dansi kapena masewera kuti phindu lake lithandize gulu kapena anthu ovutika. Wachiwiri ndi kugulitsa, kaya ndi katundu, chakudya, matikiti, kapena ntchito monga kujambula zithunzi. Wachitatu, umene ambiri amauiwala, ndi kukopa anthu ngakhale palibe ndalama imene ikuperekedwa pomwepo: kugawa timapepala totsatsa, kulembetsa anthu kuti atsegule akaunti, kutolera manambala a foni, kupempha zovala kapena mabuku akale.

Kunena kuti "sitikugulitsa kanthu, tikungogawa" sikukuchotsani m'lamuloli. Ngati mukuimitsa anthu kuti achite chinthu chopindulira inu kapena amene wakutumani, katengeni chilolezo.

Ndani angapemphe chilolezo?

Nthawi zambiri ndi magulu a ophunzira olembetsedwa ndi yunivesite, bungwe la ophunzira onse, ndi madipatimenti. Chifukwa chake n'chakuti awa ali ndi atsogoleri odziwika mayina, malamulo oyendetsera gulu, ndi akaunti imene ingachitidwe kalondolondo. Munthu payekha alibe zonsezi. Wamalonda wakunja amalowa ndi mgwirizano wolembedwa ndi yunivesite, kapena pa masiku apadera amene malo amabwereketsedwa kwa amalonda.

Chenjerani ndi kubwereketsa dzina la gulu. Wamalonda amafika kwa wapampando n'kumuuza kuti asungitse tebulo m'dzina la gulu, iye adzagulitse katundu wake, gulu lidzalandire kangachepe. Papepala, wogulitsa ndi gululo. Katundu akakhala wachinyengo, kapena wogula akalipiriratu wamalondayo n'kuzimiririka, oyankha mlandu ndi amene anasaina fomu. Ngati pali mgwirizano weniweni ndi wamalonda, ulembedwe pa fomu: dzina la bizinesi, gawo limene gulu lidzalandire, ndi membala amene adzakhale patebulopo kuyambira potsegula mpaka potseka.

Ndife akuluakulu. Yunivesite ikutiletseranji kugula ndi kugulitsa mmene tikufunira?

Funsoli ndi lomveka, ndipo yankho lake lagona pa mmene kampasi ilili. Anthu masauzande, ambiri mwa iwo achinyamata amene angoyamba kumene kudzisungira ndalama, amagona, kudya ndi kuphunzira pamalo amodzi, ndipo ndalama zodyera ndi zolipirira maphunziro amazilandira pa nthawi yodziwika. Wamalonda aliyense amadziwa zimenezi. Mumsewu mukhoza kupukusa mutu n'kumapita, koma m'kalasi kapena m'chipinda chogona mulibe kothawira.

Nkhaniyi inafikapo ku khoti lalikulu la dziko la United States mu 1989, pa mlandu wa State University of New York ndi wophunzira wina dzina lake Fox. Unayamba wogulitsa ziwiya za m'nyumba atakana kutuluka m'hositelo momwe ankaonetsa katundu wake kwa ophunzira. Khotilo linavomereza kuti yunivesite ili ndi zifukwa zomveka zoikira malire pa malonda: kusunga kampasi kuti ikhale malo a maphunziro, chitetezo, kupewa kuti ophunzira asadyeredwe masuku pamutu, ndi bata m'malo ogona. Linanenanso kuti lamulo lotere liyenera kugwirizana bwino ndi cholinga chake, ngakhale lisakhale lofewa kuposa njira zina zonse. Chigamulocho chimagwira ntchito m'dziko lomwelo, koma zifukwa zinayizo ndi zimene mudzazipeze m'malamulo a mayunivesite ambiri.

Tiyambire pati kuti tipeze chilolezo?

1. Komiti ikhale pansi, ndipo mlembi alembe zimene mwagwirizana: cholinga cha ndalamazo, kuchuluka kwa zimene mukufuna kupeza, ndi mayina a anthu amene adzazigwire.
2. Lembani bajeti ya tsamba limodzi. Mbali imodzi zolowa zimene mukuyembekezera, mbali ina zogula zonse, kuphatikizapo tizinthu monga mabuku a malisiti, kusindikiza ndi mayendedwe.
3. Tengani fomu ku ofesi yoona za ophunzira. Imafunsa tsiku, maola, malo, zimene mugulitse ndi mitengo yake, wopindula, ndiponso ngati pali munthu kapena kampani yakunja.
4. Wapampando, msungichuma ndi mlangizi wa gulu asaine.
5. Sungitsani malo. Kusungitsa malo ndi chilolezo chosonkhetsa ndalama ndi zinthu ziwiri, ndipo kawirikawiri zimachokera ku maofesi awiri osiyana. Kukhala ndi chimodzi sikutanthauza kuti muli ndi chinacho.
6. Dikirani yankho lolembedwa. Musasindikize matikiti, musaode katundu, musalengeze pa WhatsApp yankho lisanabwere. Mawu apakamwa akuti "palibe vuto" sadzakuthandizani mlonda akadzakufunsani kalata.
7. Patsikulo, kalata ya chilolezo ikhale patebulo.

Pa tebulo wamba, perekani pempho kutatsala milungu iwiri. Ngati pali chakudya, kontirakiti, mpikisano wamwayi kapena alendo ochokera kunja kwa kampasi, yambani kutatsala mwezi umodzi kapena iwiri, chifukwa fomuyo imadutsa m'maofesi angapo.

Chimakanitsa pempho n'chiyani?

Kawirikawiri sicholinga chanu, koma zosoweka. Cholinga chalembedwa mwachimvulumvulu, monga "zochitika za gulu" basi. Gulu silinapereke lipoti la msonkhamsonkha wapitawo. Tsiku lagwera m'nyengo ya mayeso. Akaunti yolandirira ndalama ndi ya munthu. Katundu wake ndi woletsedwa, monga mowa, fodya, mankhwala, zida, kapena zinthu zokopera mwakuba. Zambiri mwa izi zimakonzeka tsiku limodzi, choncho funsani chifukwa chake, konzani, perekaninso.

Tingaime pati, ndipo tingachite zotani tili pamenepo?

Pamalo amene alembedwa pa chilolezo, pa maola amene alembedwa. Tebulo lisatseke khomo, masitepe, njira ya anthu oyenda pa njinga za olumala, kapena potulukira pakabuka moto. Ikani chikwangwani chooneka bwino chonena dzina la gulu ndi kumene ndalama zikupita.

Lamulo lofunika kwambiri apa ndi lakuti munthu abwere yekha patebulo. Mukhoza kupereka moni ndi kuitanira, koma osamutsekera njira, osamugwira mkono, osamutsatira. Akakana kamodzi, zathera pomwepo. Zokuzira mawu zimafuna chilolezo chapadera chifukwa makalasi amakhala ali mkati.

M'kalasi, mulaibulale ndi m'malabu simuchitika malonda. Kugogoda chitseko ndi chitseko m'mahositelo n'koletsedwa pafupifupi kulikonse, ngakhale cholinga chitakhala chabwino motani. Chipinda ndi nyumba ya wophunzirayo, ndipo munthu amene waimiridwa pakhomo ndi anzake atatu atanyamula bokosi amapereka chifukwa cha manyazi. Palinso nkhani ya chitetezo: anthu akazolowera kuona alendo akuyenda m'makonde ndi mapepala, wakuba naye amanyamula pepala.

Patsikulo, ndalama tizigwire bwanji?

Apa ndi pamene magulu ambiri amagwa, ndipo nthawi zambiri sikuti wina waba. Chimachitika n'chakuti palibe amene angasonyeze kuti sanabe.

Musanatsegule, anthu awiri awerenge ndalama ya chenji imene mukuyamba nayo, ailembe, asaine. Bokosi likhale lokiya ndipo likhale limodzi pa tebulo lililonse. Matikiti kapena malisiti akhale a manambala otsatizana, okhala ndi kachidutswa kotsala m'buku. Lembani nambala yoyamba musanagulitse ndi yomaliza mukatseka. Tikiti yong'ambika kapena yolembedwa molakwika isatayidwe. Ijambuleni mzere pakati n'kuisunga.

Pa bokosi pazikhala anthu awiri nthawi zonse, ndipo ndi bwino asakhale pachibale kapena pachibwenzi. Posinthana, otuluka ndi olowa awerengere limodzi. Ndalama zikachuluka m'bokosi, chotsaniko zina, ziwerengedwe, ziikidwe mu envelopu yomata yolembedwa kuchuluka kwake ndi nthawi, ipite kokasungidwa.

Potseka, masamu ake ndi awa. Tiyerekeze kuti munasindikiza matikiti kuyambira 001 mpaka 500, iliyonse pa mtengo wa 5. Yomaliza kuchoka m'buku ndi 312, ndipo 4 zinawonongeka. Ndiye kuti mwagulitsa 308, zomwe ndi 1,540. Munayamba ndi chenji ya 200, choncho m'bokosi ndi m'maenvelopu muyenera kupezeka 1,740, ndipo m'mabuku mutsale matikiti 188. Mukapeza 1,715, lembani kuti pasowa 25, nonse musaine. Osathiramo ya m'thumba kuti zikwane, osabisanso ngati zapitirira. Kusowa kwakung'ono kolembedwa kumamveka, koma masamu okonzedwa akadzaululika palibenso amene adzakhulupirire lipoti lonselo.

Cholakwika chofala kwambiri ndi kutapa m'bokosi kukagulira zimene zatha. Wina watenga kukagula makapu, wina walipira wonyamula mipando, ndipo pofika madzulo palibe akudziwa kuti zinalowa zonse zinali zingati. Ndalama zolowa zisungidwe zonse zathunthu. Zogula zilipiridwe kuchokera ku ndalama ina yopatulidwiratu, kapena wogulayo adzabwezeredwe akabweretsa lisiti.

Kaikeni ku banki kapena ku ofesi ya zachuma tsiku lomwelo, apo ayi tsiku logwira ntchito lotsatira. Ndalama za gulu zisagone m'chipinda cha msungichuma. Zikabedwa kumeneko, iyeyo ndiye woyamba kulozedwa chala, ngakhale atakhala wolungama.

Anthu ambiri amalipira pafoni. Tingagwiritse ntchito nambala ya msungichuma?

Ayi. Ndalama ikalowa mu akaunti ya munthu imasakanikirana ndi zake, ndipo pofuna kuchita kalondolondo mumayenera kuona zonse zimene munthuyo amagula ndi kutumiza. Akadwala, akataya foni kapena akamaliza maphunziro, gulu limagwira njakata. Funsani ofesi ya zachuma njira yovomerezeka yolandirira ndalama pafoni kapena pa khadi, yolowera mu akaunti ya gulu.

Zinthu ziwiri zoti mukumbukire. Chithunzi cha uthenga wosonyeza kuti munthu walipira si umboni, chifukwa n'chosavuta kupeka. Onani kumbali yanu kuti ndalama yafikadi musanapereke katundu. Chachiwiri, njira zambiri zolipirira zimadula kagawo pa malipiro aliwonse, choncho kagawoko kalowe m'bajeti, apo ayi masamu sadzagwirizana.

Tikufuna kugulitsa matikiti amwayi kuti wina apate mphoto. N'zololedwa?

Musayambe musanafunse. Pakakumana zinthu zitatu, kulipira, mwayi ndi mphoto, malamulo a mayiko ambiri amaitenga imeneyo ngati lotale, ndipo lotale ndi juga. Kukhala ndi cholinga chachifundo sikusintha zimenezo. M'mayiko ena mipikisano ing'onoing'ono imaloledwa pa mfundo zina, kwina imafuna laisensi ya boma, kwina ndi yoletsedwa ndithu. Ofesi ya pa yunivesite singakulolezeni chimene lamulo la dziko likuletsa.

Mukaloledwa, mphoto ikhale m'manja mwanu musanagulitse tikiti yoyamba. Magulu amene amadalira kugula mphoto ndi ndalama za matikiti omwewo amapezeka agulitsa ochepa, mphoto osakwanitsa. Tikiti iliyonse ionetse mtengo, mphoto, tsiku ndi malo ochitira maere. Maere achitike poyera, wotola asakhale wa m'komiti, ndipo a komiti ndi abale awo asagule nawo. Tsiku la maere silisunthidwa chifukwa choti matikiti sanayende.

Nanga kugulitsa chakudya?

Chakudya chikhoza kudwalitsa anthu ambiri nthawi imodzi, n'chifukwa chake malamulo ake ndi okhwima. Mayunivesite ambiri amalola mosavuta zouma ndi zophikidwa mu uvuni zosafuna firiji, komanso zogulidwa zili zotsekedwa kale. Zokhala ndi nyama, nsomba, mazira, mkaka kapena mpunga wophika nthawi zambiri zimafuna wophika wokhala ndi chiphaso cha azaumoyo.

Malangizo a bungwe la World Health Organization ndi osavuta kuwasunga pamtima. Chakudya chipse mpaka kufika madigiri 70 mkati mwake. Chotentha chikhale pamwamba pa madigiri 60 mpaka chiperekedwe. Chozizira chikhale pansi pa madigiri 5. Chophika chisakhale pamtunda kupitirira maola 2. Pakati pa 5 ndi 60 ndi pamene tizilombo timaswana mofulumira, ndipo chakudya choopsa sichinunkha nthawi zonse. Ngati mulibe choyezera kutentha ndi chotenthetsera, musagulitse chakudya chotentha.

Wogwira ndalama asagwire chakudya. Kulungani chilichonse pachokha kapena gwiritsani ntchito chopanira. Amene akutsegula m'mimba kapena kusanza asayandikire. Lembani zimene mwaikamo, makamaka zimene anthu ena amawengedwa nazo: mtedza, mkaka, mazira, tirigu, soya, nsomba ndi chitowe. Kwa munthu wowengedwa kwambiri, kachidutswa kakang'ono kakhoza kumutsekereza mpweya. Wogula akafunsa ndipo simukudziwa, nenani kuti simukudziwa.

Tingasindikize matisheti okhala ndi dzina kapena chizindikiro cha yunivesite?

Dzina ndi chizindikiro ndi katundu wa yunivesite, ndipo mayunivesite ambiri anazilembetsa mwalamulo. Kukhala wophunzira sikukupatsani ufulu wozigulitsa. Tumizani chithunzi cha kapangidwe kanu ku ofesi yoyang'anira chizindikiro musanapite kosindikiza. Sadzalola kusintha mitundu, kukoka chizindikiro, kapena kuchiika pafupi ndi cha kampani ngati kuti yunivesite ikuivomereza. Mayunivesite ena amafuna kuti musindikizitse kwa osindikiza amene iwo anawavomereza.

Pa matisheti pamalowa ndalama zambiri m'madzi. Tiyerekeze mwasindikiza 100, iliyonse yakudyerani 6, mukugulitsa pa 10. Mwawononga 600, ndiye kuti oyamba 60 akungobweza mpamba. Mukagulitsa 70, phindu ndi 100 yokha, ndipo 30 otsalawo, ngati alembedwa chaka kapena dzina la chochitika, sadzagulidwanso. Njira yabwino ndi yakuti anthu alembetse saizi ndi kulipiriratu, mupereke lisiti, muode okhawo amene alipiridwa kuwonjezapo ochepa.

Tikufuna kupempha thandizo ku makampani ndi kwa anthu amene anaphunzira pano kale. Tingangolemba makalata?

Yambani mwapereka mndandanda wa amene mukufuna kuwalembera ku ofesi yoona za zopereka. Si nsanje. Mwina yunivesite yakhala miyezi ikukambirana ndi kampani imeneyo za thandizo lalikulu, monga kulipirira ophunzira osowa. Kalata yanu ikafika pakati, kampaniyo ikhoza kupereka kangachepe n'kunena kuti chaka chino yathandiza kale. Komanso mayunivesite ambiri ali ndi migwirizano yopatsa kampani imodzi yokha ufulu wogulitsa pa kampasi, monga imene ena amachita ndi Coca-Cola kapena Pepsi pa zakumwa. Chikwangwani cha kampani yopikisana nayo chikhoza kuphwanya mgwirizano umene simunauonepo.

Siyanitsani mphatso ndi malonda. Wopereka mphatso safuna kanthu kupatula kuthokozedwa. Akafuna tebulo, kulankhula kwa anthu, kapena mayina a obwera, ameneyo akugula mwayi wotsatsa, ndipo pafunika kontirakiti. Wophunzira asasaine kontirakiti m'dzina la yunivesite. Alibe mphamvu imeneyo, ndipo zinthu zikavuta ngongole ikhoza kugwera iye mwini. Musalonjezenso wopereka lisiti lomuchepetsera msonkho. Kumene lamulo lotere lilipo, lisitilo limaperekedwa ndi bungwe lovomerezeka ndi boma, osati gulu la ophunzira.

Mnzathu wadwala, kapena kwagwa tsoka kwinakwake. Kodi pamenepanso tidikire mafomu?

Pitani ku ofesi tsiku lomwelo mukanene kuti ndi zadzidzidzi. Maofesi ambiri ali ndi njira yachangu, ndipo ena ali ndi thumba lothandizira ophunzira pa mavuto. Koma musalumphe chilolezo, chifukwa misonkhamsonkha ya chisoni ndi imene achinyengo amaikonda kwambiri. Anthu akagwidwa chifundo safunsa mafunso.

Wodwalayo kapena abale ake avomereze kaye, ndipo anene zimene zingaululidwe. Matenda a munthu ndi chithunzi chake ali m'chipatala si zanu kuti muzifalitse. Nenani kuchuluka kwa ndalama zimene zikufunika ndi tsiku lotsekera. Kumene kungatheke, ndalama zipite molunjika ku chipatala kapena kumene kuli bilu. Ngati mukutolera m'malo mwa bungwe lachifundo lakunja, tengani kalata yawo yokulolani kugwiritsa ntchito dzina lawo, tsimikizani kuti ndi lolembetsedwa, ndipo muuze anthu ngati mukupereka zonse kapena zotsala mutachotsa zimene mwawononga. Pa masamba a pa intaneti otolera ndalama monga GoFundMe, onetsetsani kuti akaunti yolandira ndi ya ndani, chifukwa ndalama zimapita kumene wotsegula tsambalo analozera.

Tingaonetse filimu n'kulipiritsa pakhomo?

Pokhapokha mutagula laisensi yoonetsera pagulu. Kugula filimu kapena kulipira Netflix kumakulolani kuonera kunyumba basi. Nthawi zambiri laisensi imafunika ngakhale kulowa kutakhala kwaulere. Nyimbo zoimbidwa pa dansi yolipiritsa nazo zili ndi eni ake, choncho funsani ngati laisensi imene yunivesite ili nayo ikukhudza chochitika chanu.

Ndine wophunzira ndipo ndimadzilipirira ndi kabizinesi kanga. Ndiye kuti ndisiye?

Kugulitsa buku lanu lakale kapena kompyuta imene simukuifunanso, kudzera pa bolodi lololedwa, si vuto. Chimene malamulo ambiri amaletsa ndi kusandutsa chipinda cha hositelo sitolo: katundu wodzaza, makasitomala olowa ndi kutuluka usiku, magetsi ndi intaneti ya yunivesite zikugwira ntchito ya bizinesi, mnzanu wogona naye akusowa pophunzirira. Zophikira ndi mawaya olumikizalumikiza zimabweretsanso ngozi ya moto.

Ife timaona kuti yunivesite imene imangoletsa osapereka njira ina imalakwitsa, chifukwa kwa ophunzira ambiri kabizinesi ndiko kamawasunga pasukulu, ndipo kuletsa kokhakokha kumangochititsa kuti malonda azichitika mobisa. Funsani ngati pali masiku a msika wa ophunzira kapena malo obwereka. Ngati palibe, nkhaniyo ndi yoyenera kuti bungwe la ophunzira likaikambe ndi akuluakulu.

Nanga mabanki, obwereketsa ndalama, ndi aja olonjeza phindu lalikulu ukabweretsa anzako?

Mabanki ndi makampani ena a zachuma amalowa ndi mgwirizano, ndipo mayunivesite ambiri amawaikira malire owonjezera. Ku United States, lamulo la makhadi a ngongole la 2009 linaletsa makampani kupatsa ophunzira mphatso monga matisheti powakopa kuti alembetse khadi pa kampasi kapena pafupi nayo, ndipo linati wosakwana zaka 21 asonyeze kuti angathe kubweza kapena akhale ndi womusainira. Izi zinabwera chifukwa achinyamata ankalowa m'ngongole pokopeka ndi kamphatso. Okongoza mwakatapila sapatsidwa malo n'komwe.

Mabizinesi oti ulipire kuti ulowe, kenaka upeze ndalama pobweretsa ena, ndi oletsedwa, ndipo m'mayiko ambiri ndi mlandu. Masamu okha amakwanira kuwatsutsa. Ngati aliyense ayenera kubweretsa anthu 6, mzere wachisanu ukufuna anthu 7,776, wachisanu ndi chimodzi 46,656, omwe ndi ochuluka kuposa ophunzira a mayunivesite ambiri. Mzere wa 13 ukufuna anthu oposa 13 biliyoni, pamene dziko lonse linafika anthu 8 biliyoni mu 2022. Olowa mochedwa, omwe ndi ochuluka, amataya ndalama basi. Ku Albania mu 1997, kugwa kwa mabizinesi otere kunasaukitsa mabanja ambiri mpaka dziko linalowa m'chipwirikiti. Funso loyesera ndi limodzi: ndalama zikuchokera kwa ogula katundu weniweni, kapena kwa olowa atsopano?

Tingatumize uthenga kwa ophunzira onse, kapena kutenga manambala awo ku ofesi?

Ofesi sidzakupatsani mndandanda wa mayina, manambala kapena maimelo. Ikavomereza uthenga wanu, imautumiza yokha. Manambala amene mwatolera patebulo agwire ntchito imene munanena yokhayo. Kuwapereka kwa kampani imene yakuthandizani, eni ake osavomera, ndi kuphwanya lamulo m'mayiko ambiri, kuphatikizapo a European Union kumene lamulo loteteza mbiri za anthu linayamba kugwira ntchito mu Meyi 2018. Zikwangwani zimatidwe pa mabolodi ololedwa okha, zikhale ndi chidindo ngati chikufunika, ndipo muzichotse chochitika chikatha.

Mphunzitsi kapena bwana wa mu ofesi angapemphe ndalama kwa amene ali pansi pake?

Asatero. Wophunzira sangakane momasuka kwa munthu amene amachonga mayeso ake, ndipo wantchito sangakane kwa amene amasaina tchuthi chake. Kupereka malikisi chifukwa chogula tikiti kapena kusonkha ndi cholakwa chachikulu. Mphunzitsi amene akufuna kuti kalasi igule buku lake ayenera kuulula zimenezo ku dipatimenti kuti ena aone ngati bukulo likufunikadi. Chimodzimodzi ophunzira akale m'gulu: kuumiriza atsopano kuti agulitse matikiti angapo, n'kulipira okha akalephera, ndi nkhanza.

Chochitika chalephereka, kapena tapeza zoposa zimene timafuna. Ndalamazo titani nazo?

Ndalama yoperekedwa pa cholinga china siisunthidwira ku china mwakachetechete. Chochitika chikalephereka, ogula matikiti abwezeredwe, ndipo apa ndi pamene tizidutswa totsala m'mabuku timagwira ntchito. Pa zopereka, njira yapafupi ndi kuneneratu pachikwangwani kuti zotsala zidzapita kuti. Ngati simunanene, funsani ofesi, ndipo opereka amene akudziwika auzidwe asankhe.

Chimachitika n'chiyani lamulo likaphwanyidwa? Nanga tikaona munthu wokayikitsa?

Choyamba, chochitikacho chimaimitsidwa pomwepo. Kenaka, malinga ndi kukula kwa nkhani, gulu likhoza kuchenjezedwa, kuletsedwa kusungitsa malo kwa nthawi, kutsekeredwa akaunti kapena kuchotsedwa m'kaundula. Amene anasaina akhoza kuitanidwa ku komiti yosungitsa mwambo. Wakunja amatulutsidwa ndipo akhoza kuletsedwa kulowanso. Kuba ndi chinyengo zimakathera kupolisi.

Wina akakupemphani ndalama, muli ndi ufulu wofunsa kalata ya chilolezo ndi lisiti. Akazemba, musalimbane naye. Sungani m'mutu maonekedwe ake, malo ndi nthawi, mukauze achitetezo.

Zonse zatha ndipo ndalama zili ku banki. Chatsala n'chiyani?

Lipoti, ndipo liperekedwe pasanathe milungu iwiri anthu asanaiwale. Likhale ndi zolowa zonse, zogula chimodzichimodzi ndi malisiti ake, phindu, silipi ya ku banki, mapepala owerengera ndalama osainidwa, matikiti otsala ndi owonongeka, komanso kalata yochokera kwa wolandira yotsimikiza kuti ndalama zafika. Ziwerengero zikuluzikulu zitatu, zolowa, zowonongedwa ndi zoperekedwa, zilengezedwe pamalo omwewo pamene munapempherapo.

Kope imodzi ipite ku ofesi, ina ikhale mufayilo ya gulu, osati pafoni ya munthu. Komiti ikamasintha, akale ndi atsopano apitire limodzi ku banki kapena ku ofesi ya zachuma kukasintha osainira akaunti, akalewo asanamalize maphunziro n'kubalalika.